Wolemba malamulo a fodya anali ndi minda yake ya fodya

Lero mlendo palibe, ndili ndekha, ndipo zambiri zomwe ndinene ndachita kulemba, chifukwa nkhaniyi ili ndi zaka ndi mayina ambiri. Ndikati ndingoyankhula za m'mutu ndisochera.

Nkhaniyi inayambira pa mkangano. Pa Khirisimasi yapitayi tinasonkhana kwa amalume anga kuno ku Johannesburg, nyama ili pamoto, ndipo monga mwa masiku onse nkhani inafika kumudzi: mafuta akusowa, fetereza wakwera, kwacha yagwa. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti, "Inu ana a lero simudziwa kanthu. Nthawi ya Ngwazi ADMARC inkafika paliponse, mu PTC katundu anali wodzaza, kwacha inali kwacha." Ine ndinangofunsa kuti, "Amalume, kodi PTC yo inali ya ndani?" Iwo anati, "Ya boma, nanga ikanakhala ya ndani?" Ndinati ayi, inali ya Press. "Eya, Press yo ndiye boma lomwelo." Ndinafuna kuwatsutsa koma ndinapeza kuti nanenso ndikungodziwa mutu wa nkhani, thupi lake sindikulidziwa. Ndiye miyezi ingapo yapitayi ndakhala ndikuwerenga, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

Ndinene kaye chimodzi. Sindinabwere kudzazenga mlandu wonse wa Dr Hastings Kamuzu Banda. Za misewu, za yunivesite, za likulu lomwe linasamukira ku Lilongwe mu 1975, komanso za anthu amene anatsekeredwa ku Mikuyu ndi amene anasowa, izo ndi nkhani za tsiku lina. Funso langa lero ndi laling'ono: chimachitika n'chiyani ngati munthu amene akuuza dziko kuti uyu alime mbewu iyi, uyu asalime, uyu agulitse apa, uyu atseke sitolo, ali ndi minda yake ndi masitolo ake mu msika womwewo?

Press inayamba yaing'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inali kampani yosindikiza nyuzipepala ya chipani cha Malawi Congress Party, ya Malawi News. Dzina loti Press likuchokera pamenepo, pa makina osindikizira. Mnyamata amene ankayendetsa ntchitoyo anali Aleke Banda, ndipo inu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe mumve apa: Aleke anali mwana wa matchona ngati ambiri a ife. Kwawo kunali ku Nkhata Bay, koma anabadwira ku Livingstone mu 1939, anakulira ku Southern Rhodesia, ndipo atsamunda atamumanga mu 1959 anamuthamangitsira ku Nyasaland. Pofika cha m'ma 1970 kampani ya nyuzipepala ija inali itasanduka Press Holdings, ndipo masheya ake pafupifupi onse anali m'dzina la Kamuzu mwini. Osati m'dzina la boma, osati m'dzina la chipani. M'dzina la munthu.

M'zaka khumi zotsatira Press inalowa paliponse. Minda ya fodya kudzera ku Press Farming ndi General Farming, makamaka ku Kasungu, kwawo kwa mwiniwake. Masitolo a PTC. Masheya mu National Bank of Malawi ndi mu Commercial Bank of Malawi, omwe anali mabanki awiri okha a zamalonda m'dziko. Masheya mu kampani ya mafuta a galimoto, mu Carlsberg, mu Limbe Leaf yogula ndi kukonza fodya. Mabekale, malole, zipangizo zomangira nyumba. Ofufuza akamayerekeza kukula kwake amati malonda a Press ankafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse cha dziko pachaka. Amayi a mbumba anali ndi nyimbo yomwe inkapereka chinthu chilichonse cha m'dziko m'manja mwa Ngwazi. Ife timaimva ngati nyimbo yotamanda chabe, koma wowerenga mabuku a Press akanati amayiwo sankakokomeza kwenikweni.

Tsono munthu yemweyo, kuyambira 1971, anali Pulezidenti wamuyaya. Ndipo kwa zaka zambiri anadzisungira yekha unduna wa zaulimi. Apa ndi pomwe nkhani yagona, ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira popanda chilolezo cha Britain. Maiko anaika ziletso pa malonda a Rhodesia, ndipo fodya wake, yemwe anali wotchuka padziko lonse, anasowa pomugulitsa poyera. Ogula anayamba kuyang'ana kwina, ndipo Malawi anali pafupi, nthaka yake yoyenera. Unali mwayi wa ndalama zenizeni, makamaka pa mitundu iwiri ya fodya: fuluu ndi bale. Funso linali loti mwayiwo ugwere ndani.

Yankho linali m'lamulo lotchedwa Special Crops Act. Lamuloli linkapatsa nduna mphamvu yonena kuti mbewu yakutiyakuti ndi yapadera, ndipo woilima ayenera kukhala ndi chiphaso. Bale ndi fuluu zinali m'gulu limenelo, ndipo ziphaso zake zinkapita kwa eni maesiteti, anthu okhala ndi malo a lizi. Mlimi wamba, wolima pamalo a makolo omwe anapatsidwa ndi mfumu, sankaloledwa kulima bale. Iye ankaloledwa mitundu ina, monga chikopa chowamba ndi utsi. Ndipo kusiyana sikunathere pa mtundu wa fodya. Mwini esiteti ankatenga mabelo ake kupita nawo ku okushoni ku Limbe, kenako ku Kanengo, n'kulandira mtengo womwe ogula akunja apikisana. Mlimi wamba analibe njira imeneyo. Wogula wake anali mmodzi basi, ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. ADMARC inkagula pa mtengo woikidwa ndi boma, n'kukagulitsa fodya yemweyo ku okushoni pa mtengo wa msika. Zaka zambiri mlimi sankalandira ngakhale theka la mtengo womwe fodya wake ankagulidwira ku Limbe. Thonje ndi mtedza zinkayendanso chimodzimodzi.

Phindu lomwe linkatsala pakatipo silinali laling'ono, ndipo funso langa loyamba linali loti linkapita kuti. Akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, analondola ndalamazi m'kafukufuku yemwe anatuluka mu 1982. Anaonetsa kuti gawo lalikulu la phindu la ADMARC silinkabwerera kwa alimi ang'onoang'ono omwe analibweretsa. Linkapita ku ngongole ndi masheya m'maesiteti ndi m'makampani, ndipo wolandira wamkulu anali Press. Ena mwa ndalamazo ankadutsira m'mabanki awiri aja, momwe ADMARC ndi Press onse anali ndi masheya, ndipo mabankiwo ankabwereketsa kwa eni maesiteti: nduna, aphungu, akuluakulu a chipani, akuluakulu a m'boma. Malo nawo sanali ovuta kupeza. Lamulo la malo la 1965 linkalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lizi boma likavomereza.

Ndiye taganizirani mayi wa ku Mchinji amene wanyamula dengu la mtedza pamutu kupita ku msika. Kalaliki wayeza pa sikelo, wamupatsa ndalama zake, palibe wamubera. Mtengo ndi womwe unalengezedwa pa wayilesi. Koma kusiyana kwa mtengo umenewo ndi mtengo wa ku London kwapita kukagula thirakitala ya pa esiteti yomwe mwini wake ndi amene anavomereza mtengowo. Palibe lamulo lomwe laphwanyidwa. Ichi ndi chomwe chinandizunguza mutu kwambiri. Ife tinazolowera kuganiza za katangale ngati Cashgate ya 2013, ndalama m'mabuti a galimoto, anthu kuthawa usiku. Apa panalibe wothawa. Lamulo lenilenilo ndi lomwe linkanyamula ndalama kuchoka m'dengu kupita ku esiteti, masana dzuwa likuswa mtengo.

Esiteti imafuna manja. Ndipo apa nkhaniyi ikulowa m'nyumba mwathu, ndipo ndikukhulupirira kuti ikulowanso m'nyumba za ambiri a inu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kuno ku Joni, atalembedwa ndi Wenela. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana, ndipo anthu a m'migodi a ku Malawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo anafa. Kamuzu analetsa nthawi yomweyo kulemba anthu opita ku migodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Chisoni cha ngoziyo chinali chenicheni, sindikukana. Koma olemba mbiri ambiri aona kuti chiletsocho chinabwera pa nthawi yomwe maesiteti a fodya ankakula mofulumira ndipo ankasowa antchito, ndipo malipiro a pa esiteti sakanatha kupikisana ndi a ku mgodi. Khomo la ku Joni litatsekedwa, mpikisano unatha. Linadzatsegulidwanso mu 1977, koma pang'ono chabe.

Agogo anga aamuna, bambo awo a amalume omwe aja, anali m'gulu la obwerera. Anafika ku Dowa ndi sutikesi yachitsulo, njinga ndi wayilesi. Ndalama za ku mgodi zitatha, anayang'ana munda wawo. Bale ankamudziwa kulima, koma pamunda wawo sankaloledwa. Ndiye anatenga agogo aakazi ndi ana, kupita ku Kasungu kukakhala matenanti pa esiteti ya bwana wina amene sindimutchula. Kwa inu amene simunamvepo za utenanti: mwini esiteti amakupatsa malo, mbewu, fetereza ndi chimanga chodya, zonse pa ngongole. Iwe ndi banja lako mumalima, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha magiredi. Pamapeto fodya umagulitsa kwa bwana yekhayo, pa mtengo womwe unkaikidwa ndi boma, iye n'kuchotsa ngongole yake, n'kupita ndi fodyayo ku okushoni. Mayi anga amakumbukira chaka china chomwe agogo anabwera kuchokera kowerengera ndalama ali ndi thumba la mchere ndi nsalu imodzi. Bale yemwe lamulo linkati mlimi wamba sangathe kumulima bwino, ankalimidwa ndi mlimi wamba yemweyo, kungoti pamunda wa munthu wina.

Chifukwa chomwe chinkaperekedwa chinali chomveka ndithu mukachimva koyamba. Ankati fodya wa bale ndi fuluu amafuna ukatswiri, ndipo aliyense akangolima, fodya woipa adzadzaza msika, mbiri ya Malawi idzaonongeka ndipo mtengo udzagwa. Mwina m'menemo munali choonadi pang'ono. Vuto ndi loti amene ankanena zimenezi ndi amene ankapindula nazo, ndiye panalibe njira yodziwira ngati akunena ngati nduna kapena ngati mlimi wamkulu wa ku Kasungu. Ndipo m'dziko la chipani chimodzi, apayoniya ali pamsewu kufunsa khadi, ndani akanaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa funso limenelo? Aphungu ambiri nawonso anali ndi maesiteti awo ndi ngongole zawo ku banki.

Za masitolo ndidutsapo mwachangu, ngakhale ndi zomwe zinayambitsa mkangano wathu. Mu 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'midzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Amalawi ambiri anasangalala, ndipo tisawaweruze msanga. Kuyambira nthawi ya atsamunda, malonda a m'midzi anali m'manja mwa amwenye, ndipo munthu wakuda ankavutika kupeza chiphaso ndi ngongole. Cholinga chomwe chinalengezedwa chinali choti Amalawi alowe m'malo mwawo. Ena analowadi. Koma ambiri analibe mpamba, analibe galimoto yokatenga katundu ku Limbe, ndipo mizere ya masitolo inatsala yotseka m'matauni ang'onoang'ono ambiri, mpaka lero mukadutsa mumaona makonde ake akugwa. Malonda opikulitsa anapita ku Chipiku, ndipo sitolo yaikulu yomwe inafalikira m'maboma m'zaka zomwezo inali PTC. Amalume akamakumbukira PTC yodzaza katundu sakunama. Chomwe sankaona ali mnyamata ndi choti dzanja lomwe linasaina kuti opikisana nayo achoke ndi lomwe linali ndi masheya ake.

Tsopano ndimupatse Kamuzu mpata woyankha, chifukwa anali nalo yankho. Iye ankanena kuti Press akuisungira mtundu wa Amalawi. Ankati ufulu wa mbendera ndi wachabe ngati chuma chonse chili m'manja mwa azungu, ndipo ankakakamiza nduna zake kutsegula minda kuti aonetse kuti munthu wakuda angathe kulima fuluu ngati mzungu wa ku Rhodesia. Mu 1964 dziko linalibe amalonda akuluakulu achikuda. Press ikanapanda kukhalapo, malo amenewo akanatengedwa ndi makampani akunja monga Lonrho, omwe analipo kale. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 chuma cha dziko chinkakuladi mofulumira, fodya wotumizidwa kunja anachuluka. Izi ndi zoona ndipo ndi zomwe amalume akukumbukira.

Koma mawu oti "ndikusungira mtundu" ali ndi vuto limodzi: mtunduwo sunkatha kuona mabuku. Ndalama zikatuluka ku Press kukamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, zinkalengezedwa ngati mphatso ya Ngwazi kuchokera m'thumba mwake. Zikalowa ku Press kuchokera ku ADMARC, zinali chitukuko cha dziko. Thumba linali limodzi, dzina lokha ndi lomwe linkasintha malinga ndi komwe ndalama zikulowera.

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo kuntchito kwathu kuli lamulo lomwe linkandinyansa nditangoyamba. Ndikafuna kusintha chinthu pa seva, sindiloledwa kudzivomereza ndekha. Ndimalemba pempho, mnzanga wina amaliona n'kuvomereza, ndipo makinawo amasunga mbiri ya amene wachita chiyani, nthawi yanji. Si kuti mabwana amandiyesa wakuba. N'chifukwa choti tsiku lomwe ndalakwitsa ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndalondola, payenera kukhala wina wondiletsa. Ku Press, wopempha ngongole, mwini banki, woika mtengo wa mbewu ndi wosankha gavanala wa Reserve Bank anali munthu mmodzi.

Ndipo tsiku lolakwitsa linafika. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mtengo wa fodya unagwa, mafuta anakwera mu 1979, chiwongoladzanja chinakwera, chilala chinagwa cha m'ma 1980, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inayamba kudula njanji za ku Beira ndi ku Nacala mpaka katundu anayamba kuzungulira ku Durban. Maesiteti ambiri omwe anatsegulidwa ndi ngongole, eni ake ali ku Lilongwe pa ntchito za boma, analephera kubweza. Press yomwe inali itakula ndi ndalama zobwereka inapezeka kuti ngongole zake sizingabwezeke. Ndipo popeza ngongolezo zinali ku mabanki awiri okha a dziko ndi ku ADMARC, kugwa kwa Press kukanagwetsa zonse. Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukamuponya mwala waswa mkhate wako womwe.

Munthu amene ankadziwa mabukuwo bwino kuposa wina aliyense anali Aleke Banda, yemwe panthawiyo ankayendetsa Press. Mu 1980 anamangidwa, ndipo anakhala m'ndende zaka 12 popanda kuzengedwa mlandu, mpaka 1992. Nkhani yomwe yakhala ikunenedwa kwambiri ndi yoti anadandaula za momwe mwini kampani ankatapira ndalama m'kampanimo. Mnyamata wa ku Livingstone amene anayambitsa makina osindikizira aja anathera ku Mikuyu.

Malawi anapita ku World Bank mu 1981 kukatenga ngongole yoyamba yokonzanso chuma, ndipo chimodzi mwa zomwe obwereketsawo anaumirira chinali kukonza Press. Mu 1982 kunakhazikitsidwa Press Trust, yoti isunge masheya m'malo mwa mtundu, koma wamkulu wa matrasitii anali Kamuzu yemweyo. Mu 1984 kunabadwa Press Corporation, ndipo boma linasenza ngongole za Press ku mabanki, kampaniyo n'kulonjeza kudzabweza pang'onopang'ono. Kunena mwachidule, pamene zinkayenda bwino phindu linali la mwini masheya, zitavuta ngongole inakhala ya okhoma msonkho. Mayi wa mtedza uja analipira kawiri.

Mwina mukufunsa kuti nanga banja lili pati m'nkhaniyi, popeza Kamuzu sanakwatire. Banja linalipo, kungoti linali la mtundu wina. Mayi Cecilia Kadzamira anali wolandira alendo wa boma, ndipo amalume awo, John Tembo, anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984, zaka zomwe ngongole zija zinkaunjikana. Atachoka ku bankiyo anadzakhala wapampando wa Press Corporation ndi wa mabungwe ena ambiri, kwinaku ali msungichuma wa chipani. Kamuzu atakalamba, mphamvu zambiri za tsiku ndi tsiku, za ndale ndi za malonda zomwe, zinali m'nyumba imeneyo.

Chodabwitsa n'chakuti Press itakonzedwa inayamba kuyenda bwino. Inapanga phindu, inabweza ngongole. Katswiri wina, Jan Kees van Donge, analemba mu 2002 kuiyerekeza ndi makampani akuluakulu a mabanja a ku South Korea, a mtundu wa Samsung, omwe anakula mothandizidwa ndi boma. Ndiye sindikunena kuti kampani yotere singathe kugwira ntchito. Ndikunena za amene analipira kuti ikule, ndipo ngati anafunsidwa.

Umboni womwe unandikhutiritsa ine unabwera mu 1990. Chaka chimenecho, mokakamizidwa ndi obwereketsa ndalama akunja, boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale, poyamba ochepa, kudzera m'makalabu, kenako ambiri. Alimi anali atayamba kale kuzemba lamulolo: aliyense amene akanatha ankalembetsa kamunda kake ngati esiteti kuti apeze chiphaso, moti maesiteti omwe anali mazana ochepa mu 1970 anapitirira 14,000 pofika 1989. Khomo litatsegulidwa, sipanathe zaka khumi, bale wambiri wa Malawi ankachokera kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo ogula akunja anapitiriza kumugula. Anthu omwe kwa zaka zoposa makumi awiri ankauzidwa kuti sangathe, anatha. Fodya ali ndi mavuto ake, nkhalango zatha, ana amagwira ntchito m'minda, mitengo ya ku okushoni imaliza alimi chaka ndi chaka. Koma funso loti mlimi wamba angalime bale kapena ayi linayankhidwa. Agogo anga sanaone zimenezi, anamwalira chiletso chisanachotsedwe.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zitachotsa MCP m'boma, funso la amalume lija linafika ku khoti: Press ndi ya ndani? Kamuzu ndi anzake anali akadali matrasitii, kutanthauza kuti chipani chotsutsa chinali ndi kampani yaikulu kuposa zonse m'dziko. Mu 1995 boma la Bakili Muluzi linabweretsa lamulo la Press Trust Reconstruction Act lochotsa matrasitii akalewo. Nduna ya zachuma panthawiyo anali Aleke Banda, atangotha zaka zitatu kunja kwa ndende. MCP inakasuma, ndipo mu 1996 Justice Dunstain Mwaungulu wa ku High Court anagamula kuti lamulolo silinadutse moyenera. Mu 1997 khoti lalikulu la apilo linatembenuza chigamulocho, boma linapambana. Kamuzu anamwalira mu November chaka chomwecho m'chipatala cha kuno ku Johannesburg. Mu 1998 masheya a Press Corporation anayamba kugulitsidwa pa msika wa masheya, ndipo lero Press Trust ndi bungwe lothandiza pa masukulu ndi zipatala, matrasitii ake osinthasintha.

Amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ataona zonsezi ndi maso awo, ndipo zikuoneka m'zomwe analemba. Mu ndime 88 anaika kuti Pulezidenti ndi nduna aulule chuma chawo, ngongole zawo ndi mabizinesi awo, kuphatikizapo a amuna kapena akazi awo, pasanathe miyezi itatu atalowa pa udindo. Anaikanso kuti mabizinesi awowo aziyendetsedwa ndi anthu ena m'malo mwawo, ndipo asadziike pamalo pomwe phindu lawo likulimbana ndi udindo wawo. Mawu abwino kwabasi. Koma lamulo lokhazikitsa ofesi yolandira ndi kufufuza zomwe aululazo linadzabwera mu 2013, patatha zaka 19. M'zaka zonsezo dziko linkalamulidwa ndi anthu omwe ambiri anali amalonda, kuyambira Muluzi mwini, ndipo ankapanga zisankho za shuga, za fetereza, za chimanga, za amene aloledwe kuitanitsa katundu kunja. Masiku ano ndikamva pa nkhani kuti boma laletsa kugulitsa soya kapena chimanga kunja, kapena laletsa katundu wina kulowa m'dziko, ndimamvetsera chifukwa chomwe chaperekedwa, chifukwa nthawi zina chimakhala chomveka. Kenako ndimafuna kudziwa amene ali ndi chiphaso, amene ali ndi nkhokwe, amene ali ndi malole, ndipo ndi m'bale wa ndani.

Sabata yatha ndinawaimbira amalume n'kuwawerengera zina mwa izi. Anamvetsera osandidula, zomwe si khalidwe lawo. Nditafika pa za matenanti anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Ku Kasungu kuja ine ndinali ndi zaka 11. Ndinkasoka fodya mpaka zala kuda bii, sopo osachotsa. Sukulu ndinasiya chaka chimenecho." Ndinati, "Nanga bwanji simunatiuzepo, amalume?" Anati, "Unkafunsa?" Kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Koma iwe, buledi wa ku PTC anali wokoma. Zimenezo usachotse mu pulogalamu yakoyo." Ndiye sindinachotse.

Sutikesi yachitsulo ya agogo ija ikadalipo ku Dowa, mayi amasungiramo mbewu ya mtedza kuti makoswe asadye.

Ngati kwanu kuli agogo kapena azakhali amene anakhalapo pa esiteti, kapena amene anabwerera kuchokera ku migodi mu 1974 ndi 1975, afunseni akadali moyo, ndipo akalola mutitumizire mawu awo, tidzawaulutsa m'gawo lina.